Nkhokwe zili pululu, chigayo chikugayabe: mbiri ya doko la Buffalo

Ife okhala m'mbali mwa nyanja timadziwa kuti doko limakhala ndi moyo chifukwa cha zomwe zimatsikirapo. Pomwe mabwato akukocheza ndi pomwe pamabwera mavenda, amayi a mandasi, anyamata a kabaza, ngakhale watiyi amamanga kachisakasa kake pomwepo. Usipa ukasamukira kwina, onsewo amautsatira, pagombe n'kutsala mchenga wokhawokha.

Ulendo uno tikufuna tikutengereni kutali, abale ndi alongo, ku America, mumzinda wina wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Buffalo. Mzindawu unalemera ndi tirigu ndi chimanga chomwe sunalime wokha, kenako n'kufota sitima zitapeza njira ina. Nkhani yake ndi ya nkhokwe zazitali kuposa mlambe uliwonse womwe tinauonapo, ya amuna ogwira fosholo, komanso ya chigayo chomwe chikugayabe mpaka lero.

Pomwe nyanja ikuthera

Buffalo ali m'chigawo cha New York, kumapeto kwenikweni kwa nyanja ya Erie chakum'mawa. Erie ndi nyanja ya madzi opanda mchere ngati yathuyi. Kukula kwake ikuchepera pang'ono nyanja ya Malawi, koma ndi yosaya kwambiri, ndipo nyengo yozizira madzi ake amaundana moti sitima zimaima kwa miyezi ingapo. Ndi imodzi mwa nyanja 5 zolumikizana zomwe zili kumpoto kwa dzikolo, chakumalire ndi Canada.

Pafupifupi zaka 200 zapitazo, alimi a m'madera ozungulira nyanjazi monga Ohio, Michigan, Indiana ndi Illinois anayamba kukolola tirigu ndi chimanga chambiri kuposa chomwe akanatha kudya. Ogula anali kutali kum'mawa, mumzinda wa New York, ndiponso kutsidya kwa nyanja yamchere, ku Ulaya. Mbewu zija zinkayenda bwinobwino pa sitima mpaka kumapeto kwa Erie. Zikafika pamenepo, ulendo unkaima. Madzi a Erie amatulukira mumtsinje wa Niagara, ndipo makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Buffalo amagwa pa mathithi otalika mamita oposa 50. Zili ngati Shire wathu pa Kapichira: ngakhale woyendetsa akhale katswiri chotani, sitima siingadutsepo.

Mu 1825 boma la chigawo cha New York linamaliza kukumba ngalande yotchedwa Erie Canal, yotalika makilomita oposa 580, kuchokera ku Buffalo mpaka ku Albany pa mtsinje wa Hudson, womwe umakathera ku New York. Mtengo wonyamulira katundu unatsika kwambiri. Koma ngalandeyo inali yaing'ono, kuya kwake kungopitirira pang'ono mita imodzi. Munkayenda maboti aphanthiphanthi okokedwa ndi akavalo ndi nyulu zoyenda m'mphepete. Sitima za panyanja sizikanalowamo, ndipo maboti a m'ngalande sakanalimba pa mafunde a nyanja. Ndiye mwaona pomwe panagona mwayi wa Buffalo: mbewu iliyonse yochokera kumadzulo inkayenera kutsitsidwa pamenepa ndi kukwezedwa m'boti lina.

Misana ya anthu

Poyamba ntchito yonseyi inkagwiridwa ndi misana ya anthu. Ambiri anali osauka ochokera ku Ireland, omwe anamanga timakumbi tawo kufupi ndi doko. Ankatsikira m'mimba mwa sitima, n'kumatapa mbewu m'madengu ndi m'matumba, kusenza, kukwera, kukakhuthula m'nyumba zosungiramo, n'kubwereranso. Amene anasenzapo matumba a chimanga pamsika wa ADMARC akudziwa mmene msana umamvekera dzuwa likamalowa. Kutsitsa sitima imodzi kunkatha masiku angapo, nthawi zina sabata yathunthu. Mvula ikagwa ntchito inkaima. Padoko pankadzaza sitima zodikira, eni ake akuluza ndalama tsiku ndi tsiku.

Munthu amene anasintha zimenezi ndi Joseph Dart, wamalonda yemwe poyamba ankagulitsa zipewa ndi zikopa. Nzeru yake sinali yatsopano kwenikweni. Zaka zoposa 50 m'mbuyomo, mmisiri wina dzina lake Oliver Evans anali atapanga kale lamba womangirirapo tindowa wokwezera mbewu m'kati mwa chigayo. Chomwe Dart anachita n'kutenga lamba yemweyo, kumuyendetsa ndi injini ya nthunzi, n'kumulozetsa m'mimba mwa sitima. Iye mwini anafotokoza pambuyo pake kuti wamalonda mnzake anamuseka, amvekere palibe makina omwe angatchipe kuposa misana ya anthu a ku Ireland. Tangoganizani, abale, munthu kuwerengera msana wa mnzake ngati chipangizo!

Dart sanamvere. Mothandizidwa ndi injiniya wobadwira ku Scotland, Robert Dunbar, anayamba kumanga chakumapeto kwa 1842, ndipo mu 1843 makina aja anatsitsa sitima yoyamba. Achimereka anaitcha nyumbayo grain elevator, ngati kunena kuti chikepe cha mbewu.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Kukhoma loyang'ana kumadzi kunali chimwendo chachitali chomwe ankachitsitsira m'sitima. M'kati mwa chimwendocho munkazungulira lamba uja ndi tindowa take, kutapa mbewu pansi n'kukakhuthula pamwamba penipeni pa nyumbayo. Pamwambapo mbewu inkayezedwa pasikelo, kenako n'kugwera m'zipinda zakuya zosungiramo. Boti la m'ngalande likafika, ankangotsegula kukamwa kwa mpope, mbewu n'kumatsika yokha ngati madzi. Matumba sanafunikenso.

Nkhokwe ya Dart inkasunga matani pafupifupi 1,500, omwe ndi matumba 30,000 a makilogalamu 50. Pa ola limodzi inkakweza matumba oposa 500. Ntchito yomwe gulu la amuna linkagwira tsiku lonse, makina ankaimaliza m'maola awiri. Omwe ankaseka aja anayamba kumanga zawo. Pofika 1863 padoko la Buffalo panali nkhokwe zotere 27, ndipo mzindawu unasanduka doko la mbewu lalikulu kuposa lina lililonse padziko lapansi. Nyengo yozizira ikamayandikira, nkhokwe zikadzaza, sitima zomalizira zinkangoima padoko ndi katundu wake m'mimba mpaka madzi atasungunuka, nazonso n'kukhala nkhokwe zoyandama.

Moto ndi fumbi

Paja amati walira mvula walira matope. Nkhokwe zoyambazo zinali za matabwa, m'kati muli injini ya moto, ndiye zinkapsa pafupipafupi. Ya Dart yomwe inapsa itagwira ntchito zaka pafupifupi 20. Koma choopsa kuposa matabwa chinali fumbi. Fumbi la mbewu likachuluka mumpweya m'nyumba yotsekeka, kamoto kakang'ono, kaya kochokera ku lamba wotentha kaya ku nyali, kamayatsa fumbi lonselo nthawi imodzi, nyumba n'kuphulika ngati bomba. Mu June 1913 chigayo cha kampani ya Husted ku Buffalo komweko chinaphulika motero, anthu 33 n'kufa. Eni zigayo kwathu kuno, mawu awa ndi anunso: fumbi la ufa lodzaza pamitanda, pa mawaya ndi pa injini si uve chabe, ndi nkhuni zodikira moto.

Amisiri anayamba kufunafuna zomangira zosapsa. Mu 1897 kunamangidwa nkhokwe ya Great Northern, yomwe zipinda zake zinali zachitsulo, kunja atazikuta ndi khoma la njerwa. Makina ake ankayendera magetsi ochokera ku mathithi a Niagara, omwe anali atangofika mumzindawu chaka cham'mbuyo. Mathithi omwe aja ankatsekereza sitima, tsopano ankayendetsa malamba. Kenako kunabwera simenti ndi zitsulo zam'kati. Nkhokwe yoyamba yasimenti ku Buffalo inamangidwa mu 1906, ndipo kuyambira pamenepo m'mbali mwa mtsinje wa Buffalo munayamba kundanda zimigolo zoyera zazitali, zogundana ngati nsungwi. Yaikulu pa zonse panthawi yake inali Concrete Central, yomangidwa pakati pa 1915 ndi 1917, yotalika mamita pafupifupi 400 m'mbali mwa madzi, yosunga matani oposa 120,000. Kuti mumvetse kukula kwake, nkhokwe zonse za boma za ku Kanengo ku Lilongwe zimasunga matani 180,000. Uku inali imodzi yokha mwa zambiri.

Amuna a fosholo ndi mabwana a mowa

Makina sanachotse anthu onse. Chimwendo chija chimatapa pomwe chaima basi. Mbewu ya m'makona mwa sitima inkafunika anthu oikankhira kumeneko, pogwiritsa ntchito mafosholo akuluakulu okokedwa ndi zingwe, kenako mafosholo a m'manja ndi matsache. Inali ntchito ya m'fumbi, yotsamwitsa, ndipo chingwe chikaduka kapena mbewu ikagumuka munthu ankatha kuvulala kapena kukwiririka.

Chomwe chinkawawa kwambiri si fumbi ayi, koma kalembedwe ka ntchito ndi kalandiridwe ka malipiro. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ntchito yotsitsa mbewu inali m'manja mwa makontirakitala omwe analinso eni malo omwera mowa. Wamkulu wawo anali William Conners, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Fingy. Munthu akafuna ganyu ankapita kubala. Malipiro ankalandirira kubala komweko, atadulidwa kale ngongole ya mowa ndi chakudya. Amene ankamwa kwambiri ndi amene ankalembedwa msanga mawa lake, pomwe bambo wofuna kupita ndi ndalama zake zonse kunyumba ankatsala pabwalo. Eti abale, munthu kukhetsa thukuta sabata yonse, ndalama n'kubwerera m'thumba la bwana yemweyo, ana kunyumba akugona ndi njala.

Mu 1899 amuna a fosholo aja anati basi zakwana. Ananyanyala ntchito sitima zoyamba za chakacho zitangofika, ndipo antchito ena a padoko anawatsatira. Sitima zodzaza mbewu zinaima mndandanda osatsitsidwa. Bishopu wa Akatolika mumzindawu, James Quigley, anaima nawo poyera. Patapita masabata angapo eni sitima anagonja. Ntchito yotsitsa mbewu inachoka m'manja mwa eni mabala, ndipo amuna aja anayamba kulembedwa kudzera m'bungwe lawo la antchito. Bungwelo linakhalapo zaka zoposa 100, ntchito ikuchoka kwa bambo kupita kwa mwana mpaka kwa mdzukulu.

Kubwera kwa zigayo

Kwa zaka zambiri Buffalo ankangolandira ndi kupatsira. Mbewu inkalowa, kugona m'nkhokwe, n'kupitirira pa boti kapena pa njanji ili yosagaya. Ufa wambiri wa dzikolo unkagayidwa ku Minneapolis, kufupi ndi minda ya tirigu. Koma eni zigayo atawerengera bwino anaona kuti n'kotchipa kunyamula tirigu wosagaya pamadzi mpaka ku Buffalo n'kukagayira komweko, pafupi ndi ogula, kusiyana ndi kutumiza ufa pa njanji ulendo wonsewo. Ku Buffalo kunalinso magetsi otchipa a Niagara. Komanso malamulo ankalola kuti tirigu wa ku Canada agayidwe kumeneko popanda msonkho ngati ufa wake ukupita kunja kwa dziko.

Cha m'ma 1903 kampani ya Washburn-Crosby ya ku Minneapolis inamanga chigayo chake m'mbali mwa mtsinje wa Buffalo, moyandikana ndi nkhokwe, kuti tirigu azichoka m'sitima, kulowa m'nkhokwe, n'kupita kuchigayo osakhudza pansi. Makampani ena anatsatira. Mu 1928 Washburn-Crosby inaphatikizana ndi zigayo zina n'kupanga kampani ya General Mills. Pofika 1930 Buffalo anali atapitirira Minneapolis pa kugaya ufa. Madeya nawo sankatayidwa: pambali pa zigayo za ufa panamangidwa mafakitale a zakudya za ng'ombe ndi nkhuku.

General Mills sinalekere pa ufa. Mu 1941 inayamba kupanga chakudya cham'mawa kuchokera ku mbewu yotchedwa oats, ya mtundu wa tirigu. Amagaya mbewuyo, kukanda ufa wake, kuumba timikombero ting'onoting'ono tobowoka pakati ngati mikanda, n'kutifufumitsa ndi kutentha kwambiri mpaka titauma kuti khirichi. Munthu amangothira mkaka n'kudya, osayatsa moto. Poyamba ankachitcha CheeriOats, ndipo mu 1945 dzina linasintha kukhala Cheerios. Fakitale ya ku Buffalo yakhala ikupanga chakudyachi kuyambira chaka choyambacho. Mphepo ikawomba kuchokera kumtsinje, pakati pa mzinda pamamveka kafungo ka mbewu yokazinga, moti anthu akumeneko amanyadira kuti mzinda wawo umanunkhira Cheerios.

Sitima zipeza njira ina

Chuma chonsechi chinatsamira pa chinthu chimodzi: sitima inkayenera kuima pa Buffalo chifukwa kutsogolo kunalibe njira. Koma anthu a ku Canada anali atakumba kale ngalande yawo yolambalala mathithi a Niagara, yotchedwa Welland. Poyamba inali yaing'ono. Anaikulitsa kangapo, ndipo mu 1932 inatsegulidwa ili yokwana sitima zikuluzikulu za panyanja. Kenako mu 1959 America ndi Canada anatsegula njira ya St. Lawrence Seaway, yolumikiza nyanja zonse zija ndi nyanja yamchere ya Atlantic. Tsopano sitima inkatha kupakira tirigu ku Duluth kapena ku Chicago n'kulunjika ku Montreal ngakhale ku Ulaya komwe, osayang'anako ku Buffalo. Mbewu ina inayamba kutsika ndi mtsinje wa Mississippi kupita ku New Orleans.

Panalibe nkhondo, panalibe chilala, nkhokwe zinali zolimba ngati kale. Kungoti mbewu inasiya kubwera. Concrete Central inatsekedwa mu 1966, ndipo zina zinatsatira imodziimodzi. Mafakitale a zitsulo, omwe ankalemba anthu ambiri m'derali, nawonso anayamba kugwa m'zaka zotsatira. Mu 1950 mumzinda wa Buffalo munali anthu pafupifupi 580,000. Pofika 2010 munatsala 261,000, osakwana ndi theka lomwe.

Amuna a fosholo anapitirira kuchepa chaka ndi chaka, maka sitima zatsopano zitayamba kubwera ndi malamba akeake otsitsira katundu. Mu 2003 anatsitsa sitima yawo yomaliza, Kinsman Independent, n'kupachika mafosholo. Ntchito yomwe inayamba m'masiku a Dart inathera pomwepo.

Nanga zimigolo zija zinapita kuti? Zambiri zilipobe, chifukwa kugwetsa simenti yotere kumafuna ndalama zochuluka zedi. Zina zili m'tchire, nkhunda zikuswera m'mwamba. Zina, pamalo omwe tsopano amati Silo City, zimalandira alendo odzaona ndi kumva mbiri. Great Northern ija inaima mpaka mu December 2021, pomwe chimphepo chinagumula mbali ina ya khoma lake la njerwa. Anthu okonda mbiri ya mzindawu anapita kukhoti kuti isagwetsedwe, koma analephera, ndipo pofika 2023 inali itasalazidwa.

Chomwe chinatsala

Pakati pa mabwinja onsewa, chigayo cha General Mills chikulirabe. Sitima zimabwerabe kudzakhuthula tirigu pakhomo pake, ufa ndi Cheerios n'kumatuluka pa malole ndi pa njanji. Tisanamizane, si zigayo zonse zomwe zinapulumuka, zingapo zinatsekedwa ndithu, ndipo chimenechi ndi cha kampani yaikulu ya ndalama zambiri. Anthu omwe chimalemba ndi ochepa poyerekeza ndi chikhamu chomwe chinkadya za padoko kale. Komabe kusiyana kwake kukuoneka. Nkhokwe yomwe inkangosunga mbewu ya eni ake ili paulendo inafa tsiku lomwe ulendowo unasintha. Sitima yomwe ikubwera ku Buffalo lero sikubwera chifukwa chosowa njira, ikubwera chifukwa pali wogula amene akufuna tiriguyo kuti apange naye chinthu chomwe anthu amachifuna ndi dzina.

Nzeru ya Dart inafika mpaka kwathu kuno. Mukamadutsa pa Kanengo, kapena pa nkhokwe za boma za ku Mangochi, zimigolo mukuzionazo ndi zidzukulu za nkhokwe ya pa Buffalo ija: chimanga chimakwera ndi lamba wa tindowa, n'kutsika chokha. Koma mbali ina ya nkhaniyi ndi yomwe ikutikhudza kwambiri ife a kunyanja. Madoko athu ambiri ndi malo opatsirana katundu. Mpunga umachoka ku Nkhotakota ndi ku Karonga uli ndi mankhusu ake, kukapunthidwa ndi kuikidwa m'mapaketi kutauni, dzina la papaketi n'kukhala la wina. Usipa timaugulitsa pa ndowa m'mamawa pamtengo womwe wogula watchula, chifukwa tikachedwa uonongeka. Malinga ngati lole ikuima pakhomo pathu, zimaoneka ngati zili bwino. Koma msewu watsopano ukadzera kwina, kapena wogula akapeza doko lina lotchipa, sadzabwera kudzatitsanzika.

Ndiye pamene tikukambirana m'makalabu athu a ulimi ndi m'makomiti a pagombe za chomwe tingachite ndi kandalama komwe tasonkha, funso la ku Buffalo tilifunse ndithu: pa zomwe zimadutsa m'manja mwathu, n'chiyani chomwe tingapunthe, kugaya, kuumitsa bwino kapena kulongedza tokha chisanakwere lole? Ndipo amene amatisenzera matumba ndi kutikokera makoka, malipiro awo akulandirira kuti, ndipo akufika nawo kunyumba? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.